Tambala wamkulu wa kooperativa

Anzathu a m'kooperativa, lero tiwerenga za nkhuku zikuluzikulu.

Ambiri tinaionapo nkhuku yakuda bii, ya nthenga zonyezimira mobiriwira dzuwa likawala. Kuno ku Angónia timaitcha nkhuku ya Mikolongwe. Dzinali linachokera kwa abale athu a ku Malawi, pakuti kumeneko amaziweta pa malo a ziweto a Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu. Koma kwawo kwenikweni ndi ku Australia, ndipo m'mabuku dzina lake ndi Australorp. Tambala wake akakula amalemera pafupi makilo 4, thadzi makilo 3. Nkhuku yathu yachikuda sifika pamenepo.

Kodi ndiye titaye nkhuku zathu? Iyayi. Yachikuda imadziwa kupalasa, imadziwa kubisa anapiye kabawi akabwera, ndipo imafungatira bwino. Thadzi la Mikolongwe limaikira mazira ambiri, koma kufungatira ndiye ulesi. Tsono ife timaphatikiza: tambala wa Mikolongwe, misoti yachikuda. Tambala mmodzi akwanira misoti 10. Tikapeza mazira a Mikolongwe, timaika 10 kapena 12 pansi pa thadzi lachikuda, ndipo amaswa patapita masiku 21.

Pali nkhani imene imavuta pa msonkhano. Tambala wamkulu sangathandize ngati atambala achikuda akali kuyendayenda m'mudzi, chifukwa iwo ndi opepuka, amafika msanga pa msoti. Munthu aliyense amakonda tambala wake, makamaka uja womudzutsa m'mamawa. Komabe tigwirizane, tidye kapena tigulitse. Nyumba imodzi ikakana, ntchito ya tonse yabwerera m'mbuyo.

Chaka chikatha, tambala uja asakhalenso pamudzi, angakwere ana ake omwe. Mbewu ikamazungulira m'banja limodzi imafooka: mazira ambiri saswa, anapiye amakhala onyentchera. Tisinthane ndi kooperativa ina. Malo abwino osinthanirana ndi ku chionetsero cha zaulimi, kumene alimi amadza ndi ziweto zawo zabwino. Ndiye kuti tambala ayenera kuyenda ulendo.

Pa ulendo ife tinalakwapo, ndipo sitibisa. Chaka china tinamanga tambala wathu miyendo, tinamupachika pa njinga mutu pansi, monga timachitira ndi nkhuku ya ndiwo. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Pofika ku Ulónguè anali atayasama kukamwa, mapiko pansi, mwendo umodzi wotupa. Sanathe kuima. Anthu ankangodutsa n'kumapukusa mitu.

Nkhuku sichita thukuta ngati munthu. Ikamva kutentha imangopuma wefuwefu, ndipo nkhuku yaikulu, yakudanso, imatenthedwa msanga kuposa yaing'ono. Choncho tiinyamule m'chiteretere, dengu lija la nsungwi la mipata yolowa mphepo. Likhale lalitali kuti tambala aime osapinda khosi. Pansi tiyale udzu wouma, pamwamba tifunditse masamba kapena thumba kuti pakhale mthunzi, koma m'mbali tisatseke. Atambala awiri asakhale m'dengu limodzi, adzafika lipombo lili magazi okhaokha. Tinyamuke mbandakucha. Tikapuma panjira tiike dengu pamthunzi, timupatse madzi. Pogwira, tisamukoke mapiko. Dzanja limodzi lilowe pansi pa chifuwa, zala zigwire miyendo, dzanja lina likhale pamsana.

Ku chionetsero oweruza sayang'ana kukula kokha. Amagwira chifuwa kuti amve mnofu. Amaona maso ngati ali owala, lipombo ngati lili lofiira, miyendo ngati ili yowongoka ndi yosalala. Amatsegula nthenga pansi pa mapiko kufuna nsabwe. Ifenso posankha tambala wosinthana naye tichite chomwecho. Tisanapite, tipukute miyendo ya tambala wathu ndi kansalu konyowa, basi. Zomudzoza mafuta m'nthenga n'zachabe.

Tsopano tamvetsani, chachikulu ndi ichi. Ku chionetsero kumakumana nkhuku za midzi yambiri, ndipo chitopa chimayenda ndi nkhuku. Chimayendanso pa madengu, pa nsapato ndi m'manja mwathu. Tonse tikuchidziwa: nkhuku imagwetsa mapiko ngati yavala jasi, imatsegula m'mimba zobiriwira, ina imapinda khosi. Chikalowa m'mudzi wa nkhuku zosatemera chimatha kusesa khola lonse. Mankhwala ochiza palibe. Choipa china n'chakuti nkhuku imene yangotenga kumene matendawa imaoneka yabwinobwino, mwina mpaka masabata awiri.

Nanga tichite bwanji? Tambala asapite asanalandire katemera. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, ndipo amafunika katatu pa chaka, miyezi inayi iliyonse. Kuno ku Mozambique tinazolowera miyezi ya Marso, Julho ndi Novembro. Katemera sagwira ntchito tsiku lomwelo, choncho papite masabata awiri tisananyamuke. Tikamva kuti m'mudzi mwathu kapena m'njira nkhuku zikufa, ulendo ulephereke. Kuphonya chionetsero si imfa.

Pobwera, tambala watsopano asalowe m'khola, ngakhale ana akufuna kumuona akuyenda pabwalo. Ngakhale wathu yemwe, ngati wabwerera, chimodzimodzi. Akhale yekha m'kakhola kapadera, kutali ndi zinzake, masabata atatu. Akhale ndi mbale yake ya madeya ndi yake ya madzi. Womudyetsa akhale munthu mmodzi, ayambe wadyetsa nkhuku zina, atsirize ndi iye, kenaka asambe m'manja. Udzu wa m'dengu titenthe, dengulo titsuke ndi sopo, liume padzuwa.

Masiku onsewa sitingawasunge m'mutu. Kale tinkati "mwezi uja wa chimanga chachiwisi," kenaka n'kumakangana. Tsopano tikudziwa kulemba. Tengani kope la kooperativa, mulembe mizere inayi: tsiku la katemera, tsiku la ulendo, tsiku lobwera, ndi tsiku lotsegulira tambala. Mawa aliyense abwere atawerengera yekha: ngati tambala wafika pa 5 Julho, tidzamutsegulira tsiku liti?