Mphini ndi Tattoo Pamaso pa Anzathu a ku Ntchito

Ku Namitete anthu apantchito amapezeka pa chipatala cha St Gabriel's, chimene masisitere ochokera ku Luxembourg adayambitsa mu 1959, pa Namitete Technical College, m'masukulu ndi m'mashopu a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. M'malo ngati amenewa mumakumana a mphini ndi a tattoo. Onsewa chitsulo chakuthwa chidawasiyira chizindikiro pakhungu, koma anzawo sawaona mofanana.

Mphini n'zakwathu. Amayi achichewa akale ankatema pamphumi, m'masaya, pachifuwa ndi m'ntchafu, n'kutikitamo makala kuti akongole. Zimene zatsala masiku ano n'zamankhwala: timizere tiwiri kapena titatu ta lumo pambali pa diso, pamsana kapena m'mawondo. Mnzako akaziona amangofunsa kuti, "Munkadwaladwala muli mwana eti?" Nkhani n'kuthera pomwepo. Manong'onong'o amabwera pokhapokha mphinizo zikaoneka zatsopano, mwini wake atangokwezedwa kumene. Apo mawu akuti kukhwima sachedwa kumveka.

Tattoo imalandiridwa mosiyana. Achinyamata anzake amafunsa kuti, "Wajambulitsa kuti? Zingati?" Achikulire ambiri amakumbukira za ndende, chamba ndi moyo wa ku Joni, pamene okonda mapemphero amatchula Levitiko 19:28. Tisawadabwe: ambiri adakula pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi buluku ndi siketi yayifupi, nthawi yomwenso mwamuna watsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Adaphunzira kuti maonekedwe ndiwo ulemu. N'chifukwa chake mphunzitsi wachinyamata wa tattoo amakhala m'malaya amikono yayitali ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Akakhala mtsikana, chiweruzo chimalemera kawiri.

Kusiyana kwenikweni kwagona pa amene adasankha. Mphini zambiri adatitema makolo tisanadziwe kanthu, choncho anzathu amaziona ngati mbiri ya banja. Tattoo munthu amaifuna yekha, n'kulipira ndalama zake, choncho amaiona ngati umboni wa khalidwe lake. Apa m'pamene timalakwira, pakuti dzina la mayi ake lolembedwa padzanja silinena ngati namwino amafika pa nthawi kapena ngati kalipentala amakhoma mpando wolimba.

Pali chimodzi chimene ziwirizi zimafanana, ndipo n'chimene chiyenera kutidetsa nkhawa. Lumo limodzi potema anthu angapo, kapena singano imodzi pojambula anthu angapo, zimafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Bwana ali ndi ufulu wopempha kuti chithunzi chotukwana chiphimbidwe pamaso pa ana ndi odwala. Kupitirira apo, mnzathu timuyese ndi ntchito ya manja ake, ndipo ngati tikumufuniradi zabwino, timufunse ngati singanoyo idali yatsopano.