PAMPU YA CIWONGOLERO IKAFA, MWINI GALIMOTO ATHA KUISINTHA YEKHA

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika m'cigawo ca Kum'mawa, galimoto ya pamudzi siipumula. Ma Hilux, ma Hiace ndi ma Canter, ambiri a iwo ogulidwa atagwirapo kale nchito kunja, akhala pa mseu usana ndi usiku kututa cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa kupita ku misika ya Food Reserve Agency ndi kwa ogula ena ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Pa nthawi yotereyi, galimoto ikagona masiku atatu banja litaya ndalama zimene lakhala likuyembekeza caka conse.

Cimodzi mwa zinthu zimene zigoneka magalimoto ndico pampu ya ciwongolero. Ikafa, ciwongolero sicileka kukhotetsa mawilo iai, koma cilemera kotero kuti woyendetsa alimbana naco ndi manja onse awiri. Pa bwalo la pamudzi ici cingokhala cotopetsa cabe, koma pa makona a phiri la Manenekera, potsikira ku ulalo wa Luangwa pa mseu wa Great East, galimoto itasenza matumba, ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Kusintha pampu imeneyi ndi nchito imene munthu wodziwa kugwira sipanala atha kuicita pakhomo pake m'maola ocepa. Cimene cipha pampu yatsopano kawiri-kawiri si kulephera kumanga mabawuti, koma zinyalala ndi mphepo zimene zatsala m'mapaipi.

MMENE PAMPU IGWIRIRA NCHITO

Nzeru yopepuza ciwongolero ndi mphamvu ya mafuta ndi yakale. Francis Davis wa ku America anaiyesa pa galimoto mu 1926, ndipo mu 1951 kampani ya Chrysler inayamba kugulitsa magalimoto okhala nayo.

Pampu izunguzidwa ndi lamba wocokera ku injini. Mkati mwake muli tizitsulo topyapyala timene tizungulira ndi kukankha mafuta kupyolera m'paipi yolimba kupita ku ciwongolero. Mafutawo akathandiza kukhotetsa mawilo abwerera ku kathanki kake kudzera m'paipi yofewa. Pokhota kwambiri, mphamvu ya mafuta ifika pa ma bar 70 kufikira 100, pamene tayala la galimoto yaing'ono lipopedwa ma bar 2 kapena 3 cabe. Mipata ya pakati pa tizitsulo timeneti ndi yaing'ono zedi, ndiye cifukwa cake kamcenga kamodzi kakwanira kukanda mkati monse.

Si galimoto iriyonse imene iri ndi pampu. Magalimoto ang'ono-ang'ono monga Honda Fit ndi Toyota Corolla Axio apepuza ciwongolero ndi kamota ka magetsi, nzeru imene inayamba ndi Suzuki Cervo mu 1988. Amene sapeza kathanki ka mafuta a ciwongolero pafupi ndi injini asavutike kufuna pampu.

KODI YALAKWA NDI PAMPU?

Akulu anati safunsa anadya phula. Asanatulutse ndalama, mwini galimoto ayenera kutsimikiza kuti yalakwa ndi pampudi. Matayala akutsogolo akacepa mphepo ciwongolero cilemera. Lamba akakhwepa alira mokwecera pokhota ndipo pampu siizungulira bwino. Mafuta akacepa, kapena paipi yofewa ikang'ambika nkumayamwa mphepo, pampu ibuula ngakhale iri yabwino. Kasefa ka pansi pa kathanki kakatsekeka ndi litsiro, pampu imva njala ya mafuta nkuyamba phokoso lomwelo. Zonsezi zikonzeka ndi ndalama zocepa.

Pampu ikhala itathadi ngati zonsezi ziri bwino koma kubuula sikuleka, ngati mafuta akha kucokera kumbuyo kwa kawilo ka lamba, ngati kawiloko kagwedera pokagwira, kapena ngati m'mafuta muoneka tizidutswa tonyezimira ta citsulo.

Popita kukagula ina ndi bwino kunyamula pampu yakale pamodzi ndi nambala ya chasisi ndi mtundu wa injini, popeza magalimoto a dzina limodzi asiyana mapampu. Pampu yogwirapo kale nchito iyenera kuzunguzidwa ndi dzanja pamaso pa wogulitsa: izungulire mosalala, yosagwedera ndiponso yosakokota. Pagulidwenso mawashala atsopano a mkuwa kapena kamphira kozungulira ka pa paipi yolimba, ndi malita awiri a mafuta.

Mtundu wa mafuta ulembedwa pa citsekero ca kathanki kapena m'buku la galimoto. Ma Toyota ambiri akale afuna mafuta ofiira a ATF a mtundu wa Dexron II kapena III, pamene Honda iri ndi mafuta akeake. Mafuta a mabuleki asathiridwemo ndi pang'ono pomwe, pakuti atupitsa ndi kuononga mphira zonse za mkati.

KUCOTSA NDI KUIKA

Galimoto iimikidwe pa malo athyathyathya, kutali ndi fumbi, injini itazizira. Mawilo akumbuyo achingidwe ndi miyala, ndipo waya wa batire wa ku mbali ya negetivu ucotsedwe. Pampu ndi malo onse oizungulira zipukutidwe bwino paipi iriyonse isanamasulidwe. Ndi canzeru kujambula pa pepala njira imene lamba adutsa.

Mafuta akale ayamwidwe m'kathanki ndi jekeseni yaikulu yopanda singano, imene siidzagwiranso nchito pa ziweto. Ngati kawilo ka lamba kamangidwa ndi nati, natiyo imasulidwe pang'ono lamba akali womangika, pakuti ndiye agwira kawilo kuti kasazungulire. Pambuyo pake bawuti yokokera lamba imasulidwe, lamba acoke, ndi kucotsa mapaipi onse awiri. Kukamwa kwa paipi iriyonse kumangidwe ndi pulasitiki yoyera nthawi yomweyo. Potsiriza mabawuti ogwira pampu ku injini amasulidwe.

Pa mapampu ena kawilo kalowetsedwa mothina popanda nati. Kotere kafuna cida cake cokokera, ndipo kukamenya ndi hamala ndiko kupha pampu isanayambe nchito.

Poika yatsopano, bawuti ndi nati iriyonse iyambe kulowetsedwa ndi zala, sipanala ibwere pambuyo, kuti mazinga asapotoke. Lamba wa mtundu wakale amangidwe kotero kuti pomudinikiza ndi cala cacikulu pakati atsike ngati sentimita imodzi. Lamba wothina kopitirira adya beringi ya pampu.

KUTSUKA NDI KUTULUTSA MPHEPO

Apa ndi pamene pagona nchito yeni-yeni. Pampu yakale pakutha inasiya tizidutswa ta citsulo m'mapaipi onse, ndipo tikapanda kutuluka tilowa mu yatsopano tsiku lomwelo.

Mawilo akutsogolo akwezedwe ndi jeke, ndipo galimoto ikhazikidwe pa zipika zolimba za mtengo, osati pa njerwa kapena pa jeke yokha. Kathanki ndi kasefa kake zitsukidwe ndi kuuma. Paipi yobweza mafuta ilozetsedwe m'botolo, ndipo pa kathanki pamene ilowera patsekedwe. Injini iri cizimire, munthu mmodzi akhotetse ciwongolero uku ndi uku pamene mnzake athira mafuta atsopano, osalola kathanki kuuma, kufikira otuluka m'botolo atayera. Zikatero paipi ibwezedwe pa malo ake.

Tsono mphepo ituluke. Injini ikali cizimire, ciwongolero cikhotetsedwe pang'ono-pang'ono kucokera ku mapeto a kumanzere kufikira ku mapeto a kumanja nthawi ngati 20, mafuta akuonjezedwa pamene atsika. Thovu likaleka kutumphuka, waya wa batire ubwezedwe, injini ilizidwe kwa kamphindi ndi kuzimidwanso kuti mafuta aonedwe. Ngati acita thovu ngati mkaka, galimoto isiyidwe theka la ola ndi kubwereza. Kuona maso a nkhono nkudekha: pampu yozungulira ndi mphepo m'malo mwa mafuta ipsa msanga. Injini ikulira, ciwongolero cisapanikizidwe pa mapeto kopitirira masekondi 5, popeza pamenepo mafuta atentha kwambiri.

ZOYENERA KUSAMALA

Injini ikulira, munthu asafune-fune pokha mafuta ndi cala pa paipi yolimba, cifukwa mafuta otuluka pa kaboo kakang'ono ndi mphamvu yotere atha kuboola khungu. Mafuta ogwera pa paipi yotentha ya utsi ayaka moto, motero apukutidwe onse. Mafuta akale asatayidwe pafupi ndi citsime kapena dimba, ndiponso asasungidwe m'botolo la zakumwa pamene ana afika.

Pali nchito zina zoyenera kusiyira makanika. Pa mainjini ena a dizilo, monga 1HZ ya Land Cruiser, pampu iyendetsedwa ndi magiya a mkati mwa injini m'malo mwa lamba. Cimodzi-modzi ngati mafuta akha kucokera ku citsulo cokankha mawilo pansi pa galimoto, pampu yatsopano siingathetse bvutolo.

Nchito ikatha, galimoto iyesedwe yopanda katundu pa mseu wa pamudzi, ndipo m'mawa mwake mafuta ndi lamba zionedwenso isanasenze thumba ngakhale limodzi. Ola limene mwini galimoto ataya potsuka mapaipi ndi kutulutsa mphepo ndilo limupulumutsa kugula pampu kawiri m'nyengo imodzi.