Njinga Yamoto Yakale Ikamavuta Pokhota

Mabanja ambiri a ku Chipasula, Kawale ndi Area 23 amadalira njinga yamoto ya kabaza. Ndiyo imabweretsa ndalama za ufa, ndiyonso imanyamula ana a sukulu ndi amayi opita kusikelo. Koma misewu yathu njamaenje ndi mchenga, ndipo njinga imatha msanga. Ikayamba kudzandira, kukokera mbali imodzi kapena kukana kukhota, dziwani kuti ikudwala. Mukailekerera, ulendo udzathera kuchipatala cha Kamuzu Central, mwendo uli wothyoka kapena mutu utavulala.

KODI VUTO MUNGALIPEZE BWANJI?

Imikani njinga pa sitandi yapakati, ndipo yang'anani zinthu zisanu izi:

1. Matayala. Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji, osati ndi chala. Mpweya ukachepa, mahandulo amalemera ndipo njinga imadzandira. Tayala lophwatalala pakati limakana kupendekeka, kenaka limagwera mbali mwadzidzidzi. Tayala lotere kapena lang'alung'alu lisinthidwe.

2. Mawilo. Gwirani wilo ndi kuligwedezera cham'mbali. Likamasewera, mabering'i atha. Gogodani masipoko ndi sipanala: yolimba imalira bwino, yolefuka siilira.

3. Khosi la njinga. Mnzanu atsamire kumbuyo kuti wilo lakutsogolo linyamuke, inu mutembenuze mahandulo pang'onopang'ono. Akamakodwa pakati, kapena mukamamva kugogoda pomanga buleki, mabering'i a pakhosi ayenera kukonzedwa.

4. Mashoko. Onani ngati akutulutsa mafuta. Kanikizani chishalo ndi kuchisiya: njinga yabwino imabwerera kamodzi kokha, yotha mashoko imanjanja kangapo.

5. Tcheni. Poikoka, zizindikiro za mbali zonse ziwiri zifanane. Zikasiyana, wilo lakumbuyo silitsata lakutsogolo.

Ntchito yosintha mabering'i ndi mashoko ipatseni makaniko wodziwa. Safunsa anadya phula.

NTHAWI ZINA VUTO NDI KATUNDU

Anthu atatu kapena matumba a makala kumbuyo amapepukitsa wilo lakutsogolo, ndipo siligwira bwino pansi. Nyamulani munthu mmodzi yekha. Chepetsani liwiro musanafike pokhota. Kumanga buleki yakutsogolo mwamphamvu njinga itapendekeka pamchenga kumagwetsa ngakhale katswiri.

MAWU KWA OKWERA

Amayi ndi abambo, onani matayala musanakwere. Khalani mowongoka, gwirani zolimba, ndipo musapendekere mbali yosiyana ndi woyendetsa. Nonse awiri valani zisoti ndi kumanga lamba wake pachibwano. Munthu akagwa namenya mutu, apite kuchipatala, makamaka ngati anakomoka, akusanza kapena akusinza. Wodandaula khosi kapena msana musamudzutse mokoka.

KUMBUKIRANI: mtengo wa tayala latsopano ngwochepa poyerekeza ndi miyezi imene banja lingakhale popanda wolipezera chakudya.