Ku England viza ndiyo imakulowetsa m'bwalo

Achinyamata ambiri kwathu amakhulupirira kuti munthu waluso pa mpira akangoponda ku England, matimu amayamba kumulimbirana. Ine ndili kuno, ndimasamalira okalamba, ndipo ndikufuna abale anga mumve mmene zinthu zimayendera.

Kuno chilichonse chimayambira pa viza. Wobwera pa viza ya ntchito amakhala womangika kwa bwana amene anamuitana, ndipo lamulo limamuletsa kusewera mpira wolipidwa. Bwanayo akalandidwa chilolezo, boma limapereka masiku 60 oti munthu apeze wina, apo ayi azibwerera kwawo. Kuyambira mu July 2025, ngakhale khomo la ntchito yosamalira okalamba linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja.

Viza ya osewera ili payokha. Timu isanakulembe, bungwe la FA liyenera kukuvomereza, ndipo chiyambire 2021 limawerenga mapointi: nthawi zambiri pamafunika 15. Limayang'ana ligi imene ukuchokera, mphindi zimene wasewera, ndi pamene timu ya dziko lako ili pa mndandanda wa FIFA. Amene amadutsa mosavuta ndi osewera okhazikika m'matimu a mayiko 50 apamwamba, pomwe Flames ili kutali. N'chifukwa chake njira ya ku Ulaya kawirikawiri imayambira m'maligi ang'onoang'ono. Tabitha Chawinga anayambira ku Sweden asanafike ku Inter Milan ndi Lyon.

Nanga ife otsalafe timasewera kuti? Timasewera mpira wa Lamlungu. Mnzanga wa ku Ghana, amene kwawo ankagwedeza ukonde, amaweruka shifiti ya usiku ya maola 12 nsapato za mpira zili m'chikwama chimodzi ndi yunifolomu. Amakwera basi kukafika pa bwalo lamatope, mphepo ikulasa m'mafupa, aliyense n'kusonkha mapaundi ochepa olipira oyimbira. Luso akadali nalo, koma akalandira malipiro a mpira ndiye kuti waika viza yake pachiswe, pamodzi ndi fizi ya ana amene amadalira ndalama zake kumudzi.

Makolo, wina akabwera n'kunena kuti mwana wanu wapezeredwa timu ku Ulaya bola mulipire, musathamangire kugulitsa munda. FIFA imaletsa kusamutsira kunja osewera osakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa. Muuzeni akuonetseni layisensi yake ya FIFA ndi kalata yochokera ku timuyo, ndipo mukatsimikize ku FAM musanatulutse ngakhale tambala.