Amisiri a thirakitala yotchetcha udzu

Mvula ikangokhazikika mu Disembala, kapinga sadikira munthu. Pa mabwalo a gofu, mabwalo a mpira a udzu weniweni, masukulu akuluakulu ndi m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, udzu wodulidwa Lolemba umakhala utadzukanso pofika Loweruka. Malo akachepa, chikwakwa ndi makina okankha zimakwanira. Akakula, pamafunika thirakitala yokoka makina otchetchera kumbuyo, ndi munthu wodziwa khalidwe la makinawo. Ambiri amangomutchula wodula udzu, koma theka la ntchito yake ndi umakaniko.

Makinawa ndi osiyana ndi silasha ija yolowa m'thengo n'kugwetsa tsekera ndi zitsamba. Awa ndi osalaza. Nthawi zambiri amakhala ndi mipeni itatu yozunguzidwa ndi lamba, ndipo amatsamira pa timatayala tinayi. Mphamvu imachokera ku thirakitala kudzera pa shafiti ya PTO, yomwe imazungulira maulendo 540 pa mphindi. Kuchoka apo imalowa m'giyabokosi, kenako m'mapule ndi lamba, monga zimakhalira pa chigayo. Makinawa amalumikizidwa ku thirakitala pa mikono itatu, njira imene anayambitsa Harry Ferguson wa ku Ireland, amene dzina lake tikuliwerengabe pa mathirakitala ofiira a Massey Ferguson.

Woyendetsa waluso amayamba ntchito injini isanalire. Amaimika makina pa simenti yosalala n'kuyeza kutalika kwa nsonga ya mpeni uliwonse kuchokera pansi. Msinkhu wa udzu sausintha ndi hayidiroliki ayi. Amasuntha mawashala a pa timatayala tija, ndipo matayala onse anayi ayenera kukhala ndi chiwerengero chofanana cha mawashala. Limodzi likasiyana, bwalo lonse limatuluka mizere yotsetsereka, mbali iyi yaifupi, mbali iyo yaitali. Mkono wapamwamba nawo sufunika kumangitsa. Uyenera kusiyidwa womasuka kuti makina azitsatira nthaka okha. Ukauma, thirakitala ikangotsika pa kadzenje timatayala takumbuyo timanyamuka, ikakwera kachitunda mipeni imapala nthaka n'kusiya zipsera za dothi lofiira pakati pa udzu wobiriwira. Mwini malo akaona zipserazo amathamangira kunena kuti dalaivala ndi wosasamala, pamene vuto lili pa pini imodzi yoikidwa pa bowo lolakwika.

Akatchetcha mzere woyamba, mmisiri amatsika n'kuyang'ana m'mbuyo, chifukwa udzu wodulidwa umaulula matenda a makina. Kamzere ka udzu wotsala pakati pa mipeni iwiri kamasonyeza kuti mipeniyo yatha kunsonga, kapena lamba akutsetsereka, kapena munthuyo akuthamanga kuposa m'mene mipeni ingathere kudula. Pali oyendetsa atsopano amene amatsitsa moto wa injini poganiza kuti akusunga dizilo. Akatero PTO siifika pa 540, mipeni imafooka, udzu umangopindika osaduka. Njira yake ndi kukweza moto wa injini n'kuyenda pa giya yotsika. Nsonga za udzu zikaoneka zong'ambika ndi zotuwa patapita tsiku limodzi, mipeni ndi yobuntha, mwinanso wina anaimanga chozondoka atachoka konola. Udzu ukamatuluka zibuma, ndiye kuti wadulidwa wonyowa, kapena pansi pa makina padzadza matope ndi udzu wouma, kapena waloledwa kukula kwambiri. Odziwa ntchito sadula kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu pa ulendo umodzi.

Zina amazimva ndi khutu ndi mphuno. Fungo la mphira wopsa likutanthauza kuti lamba wakhwefuka kapena pule imodzi yagwira. Beringi ikamauma imayamba kulira, ndipo akazimitsa injini n'kuika dzanja pa nyumba yake amaipeza yotentha kuposa zinzake. Makina akamanjenjemera, nthawi zambiri mpeni wapindika utamenya mwala kapena chulu, kapena wonola anadya mbali imodzi kuposa inzake. Ichi n'chifukwa chake mpeni ukanoledwa amaupachika pa msomali kuti aone ngati mbali ina ikulemera.

Woyendetsayu sagwira ntchito yekha. Patsogolo pake pamayenda anyamata otola miyala, mawaya ndi mabotolo, ndipo m'mphepete mwa mipanda ndi ngalande, m'mene makina safika, mumatsala a chikwakwa. Pali makaniko amene amaitanidwa giyabokosi ikayamba kudontha oyilo. Palinso wowotcherera, amene amalumikiza chitsulo chong'ambika pamene chatsopano chikudikiridwa kuchokera ku South Africa. Pa mipeni pokha sindivomereza kuwotcherera. Mpeni wosweka uyenera kutayidwa, chifukwa ukaduka uli mkati mozungulira umauluka ndi mphamvu yoti n'kupha munthu waima chapatali. Chimodzimodzi ndi bawuti yofewa imene imaikidwa dala pa shafiti kuti iduke mipeni ikamenya chinthu cholimba. Ikaduka kawirikawiri, ena amatopa nayo n'kuikapo yolimba, kenako chimene chimasweka ndi giyabokosi, yomwe mtengo wake ndi wa mabawuti mazanamazana.

Lusoli ambiri amalipeza poyang'ana achikulire pantchito, osati m'kalasi, ndipo mwina n'chifukwa chake eni malo saliwerengera. Amafuna kuona thirakitala ili pabwalo m'mamawa, ndipo theka la ola limene munthu amatha akupopa girizi, kuyeza mipeni ndi kupala matope pansi pa makina amaliona ngati ulesi. Girizi weniweniyo amagulidwa mochedwa, beringi itafa kale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chophimba cha pulasitiki cha pa shafiti ya PTO. Chikasweka, kawirikawiri palibe amene amagula china, popeza makina amagwirabe ntchito popanda icho. Koma shafiti imeneyi imazungulira maulendo 9 pa sekondi imodzi, ndipo ikakola ovolosi kapena mkono wa malaya, munthu sapeza mpata ngakhale wokuwa. Woyendetsa amene wakana kukwera thirakitala mpaka chophimbacho chitabwezeretsedwa sakuchita mwano, ndipo bwana amene angamudule malipiro a tsikulo ndiye wolakwa.