Ntchito ndi Mgwirizano Polowa Usilikali ku America

Tikamva kuti uje walowa usilikali, ambirife timaona m'maganizo munthu wovala yunifolomu, mfuti ili paphewa. Koma gulu lankhondo lili ngati mzinda. Muli ophika, oyendetsa magalimoto, amakanika, achipatala, osunga katundu, akalaliki ndiponso otanthauzira zilankhulo. Tsono funso n'lakuti, amene amagamula kuti uyu akhale wophika ndipo uyo akhale wokonza ndege ndi ndani? Nanga zimene mnyamata kapena mtsikana walonjezedwa pa tsiku lolembetsa zili ndi mphamvu yanji? Chimangirizo chino chikuyankha mafunso awiriwa potengera dziko la America. Dzikoli linasiya kukakamiza anthu kulowa usilikali mu 1973, motero msilikali wamba aliyense amalowa mwa kufuna kwake posaina mgwirizano ndi boma. Nkhaniyi ikutikhudza pang'ono chifukwa malamulo a kumeneko amalola munthu amene si nzika kulowa usilikali ngati ali ndi chiphaso chokhazikika m'dzikomo, chija amati Green Card, ndipo alipo Amalawi amene ali nacho.

Mayeso ndi thupi

Ulendo umayambira mu ofesi ya msilikali wolemba anthu usilikali. Ameneyu ntchito yake ndi kukopa: amafotokoza za malipiro, za thandizo la sukulu ndi za mayiko amene munthu angakaone. Wofuna kulowa ayenera kukhala ndi zaka 18, kapena 17 ngati makolo avomera. Koma wolembayu, ngakhale alankhule mokoma chotani, alibe mphamvu yopereka ntchito. Chimene chimatsekula kapena kutseka zitseko ndi mayeso otchedwa ASVAB, amene nthambi zonse za usilikali zakhala zikugwiritsa ntchito kuyambira mu 1976.

Mayesowa ali ndi magawo angapo monga masamu, matanthauzo a mawu, kumvetsa ndime, sayansi, zamagetsi, zamagalimoto ndi zamakina. Magawo anayi, awiri a masamu ndi awiri a chilankhulo, amaphatikizidwa n'kutulutsa nambala yoyambira 1 mpaka 99 yotchedwa AFQT, imene imagamula ngati munthu aloledwa kulowa kapena ayi. Nambalayi si malikisi monga tinazolowera kusukulu. Wopeza 60 sikuti wakhoza mafunso 60 pa 100, koma kuti wafanana kapena kuposa achinyamata 60 mwa 100 alionse a m'gulu limene linayesedwa mu 1997 kuti likhale muyezo. Nthambi ya asilikali a pamtunda, yotchedwa Army, mwachizolowezi imafuna 31 kwa amene anamaliza sekondale.

Ophunzira chilankhulofe tiyenera kuima pang'ono pamenepa. Theka la nambala ya AFQT limachokera ku luso la Chingerezi, ndipo gawo limodzi la masamu ndi la mafunso olembedwa ngati tinkhani, amene munthu ayenera kuwamvetsa asanayambe kuwerengetsa. Mayeso onse ali m'Chingerezi chokha. Kotero munthu amene anaphunzira Chingerezi ngati chilankhulo chachiwiri, ngakhale mutu wake ukhale wa masamu, amalowa m'chipinda cha mayeso atasenza katundu amene mnzake wobadwira komweko sanasenze.

Kupatula AFQT, malikisi a magawo ena amasakanizidwa m'njira zosiyanasiyana molingana ndi ntchito. Wofuna kukonza zida zamagetsi amayang'anidwa pa masamu, sayansi ndi zamagetsi, pamene wofuna umakanika amayang'anidwa pa zamakina. Akachoka pamenepo amapita kumalo oyezera ofuna usilikali otchedwa MEPS, amene alipo 65 m'dziko lonselo. Kumeneko madokotala amamuyeza maso, makutu, magazi ndi mafupa. Kanthu kakang'ono kamatha kuchotsa ntchito zambiri pa mndandanda. Mwachitsanzo, munthu amene sasiyanitsa bwino mtundu wofiira ndi wobiriwira sapatsidwa ntchito zambiri zamagetsi, pakuti mawaya amazindikirika ndi mitundu yake.

Asankha ntchito ndani?

Tsiku lomwelo munthuyo amakhala pansi ndi mlangizi amene ali ndi kompyuta. Kompyutayo imaonetsa ntchito zimene iye akuyenera malinga ndi malikisi ake, thupi lake ndi mbiri yake, komanso zimene zili ndi malo kusukulu yophunzitsira ntchitozo panthawiyo. Mfundo yomalizayi ndiyo ambiri saiyembekezera. Munthu akhoza kukhoza bwino kwambiri koma ntchito ya kumtima kwake osaoneka, chifukwa makalasi adzaza. Apa asankhe yekha: kutenga imene ilipo, kapena kubwerera kunyumba n'kudikira. Palibe lamulo lomukakamiza kusaina tsiku limenelo.

Nthambi zimasiyana pa kagawidwe ka ntchito. Army ndiyo imadziwika ndi kulemba dzina la ntchito mu mgwirizano munthu asanachoke kwawo. Ntchito iliyonse ili ndi chizindikiro cha manambala ndi chilembo: 68W ndi wachipatala wa kunkhondo, 88M ndi woyendetsa magalimoto, 92G ndi wophika. Koma ngakhale kumeneku zizindikiro zina zimangotchula banja la ntchito. Wosaina 11X wavomera kukhala msilikali woyenda pansi, ndipo zoti akhala 11B wa mfuti kapena 11C woponya mabomba a mota zimadziwika ali kale pa maphunziro. Nthambi ya asilikali a mumlengalenga, Air Force, imalemba ena pa ntchito yodziwika, ena pa gawo chabe mwa magawo anayi: zamakina, zamuofesi, zamagetsi ndi zosakanikirana. Otsirizawa amamva ntchito yawo ali ku Lackland, mumzinda wa San Antonio ku Texas, tsitsi atameta kale. Marine Corps kawirikawiri imalonjeza gulu la ntchito osati ntchito yeniyeniyo. Navy, ya asilikali a panyanja, imatha kulemba munthu wopanda ntchito yodziwika, kuti akayambe ndi ntchito wamba za m'sitima n'kudzasankha pambuyo.

Chitsanzo chimene chingatikhudze ife a m'dipatimenti ino ndi cha ntchito ya zilankhulo. Wofuna ntchitoyi amalemba mayeso ena otchedwa DLAB, amene amagwiritsa ntchito chilankhulo chopeka pofuna kuona ngati munthu amatha kutola malamulo a chilankhulo chimene sanachimvepo. Akakhoza amatumizidwa ku Defense Language Institute ku Monterey, California, kumene zilankhulo monga Chiarabu, Chitchaina ndi Chikoreya zimaphunzitsidwa kwa masabata 64. Nthawi zambiri chimene chalonjezedwa ndi ntchitoyo, chilankhulocho amasankha ndi akuluakulu. Wolota Chifalansa akhoza kudzuka ali m'kalasi ya Chikoreya. Komanso ntchito yomvetsera mauthenga a adani imafuna chilolezo chodziwa zinsinsi za boma, chimene chimaperekedwa kwa nzika zokha. Zotsatira zake n'zoseketsa koma zomvetsa chisoni: mlendo wa Green Card amene anakula akulankhula zilankhulo zitatu ndiye amatsekeredwa kunja kwa ntchito imeneyi kufikira atapeza unzika.

Zolembedwa ndi zonenedwa

Mgwirizano weniweniwo umalembedwa pa fomu yotchedwa DD Form 4. Malonjezo apadera, monga ntchito, ndalama ya bonasi kapena malo oyambirako ntchito, amalembedwa m'mapepala ophatikizidwa kumbuyo kwake. Fomuyi imanena mosapita m'mbali kuti zolembedwazo ndiwo malonjezo onse a boma, ndipo china chilichonse chimene wina aliyense analonjeza n'chopanda mphamvu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati wolemba usilikali uja anati, musadandaule, mukafika kumeneko mukasintha ntchito, koma mawuwo sali papepala, ameneyo ndi fodya wapachala.

Ngakhale lonjezo lolembedwa liyenera kuwerengedwa modekha. Chimene boma limalonjeza ndi mwayi wophunzira ntchitoyo. Ngati boma lalephera kupereka maphunzirowo popanda cholakwa cha msilikali, iye amaloledwa kusankha ntchito ina kapena kupempha kuti amasulidwe. Koma ngati walephera ndi iyeyo, kaya pa mayeso a kusukuluko, kaya pokanizidwa chilolezo cha zinsinsi, lonjezo limagwa koma mgwirizano umatsala. Amapatsidwa ntchito ina molingana ndi zosowa za gulu lankhondo, ndipo bonasi ya ntchito yoyamba ija amaitaya. N'chifukwa chake wosaina 18X, amene ndi mwayi woyesera kulowa gulu la asilikali apadera, ayenera kudziwa kuti wasainiratu kukhala msilikali woyenda pansi ngati alephera.

Ndime ina ya fomuyi imanena kuti malamulo okhudza asilikali akhoza kusintha iye osauzidwa, ndipo kusinthako kukhoza kukhudza malipiro ake, zopindula zake ndi udindo wake, mosatengera zimene zalembedwa mu mgwirizanomo. Kwa ine ndimeyi ndiyo mutu wa nkhani yonse. Pa mgwirizano wa ntchito wamba, mbali imodzi siingasinthe mfundo payokha, ndipo wantchito akatopa amapereka notisi n'kumapita. Kuno mbali imodzi yadzisungira ufulu wosintha, pamene inayo ikachoka popanda chilolezo yapalamula mlandu wozengedwa m'khoti la asilikali.

Lumbiro

Chifukwa cha kusiyana kumeneku chinafotokozedwa kalekale ndi Khoti Lalikulu la dzikolo pa mlandu wa John Grimley mu 1890. Mkuluyu ananama kuti ali ndi zaka 28 pamene anali ndi 40, panthawi imene malire olowera usilikali anali zaka 35. Atalumbira anapita kwawo osabwereranso, ndipo anamangidwa ngati wothawa usilikali. Iye anati sanakhalepo msilikali, pakuti kulembedwa kwake kunali kosemphana ndi lamulo. Khoti linakana. Linati kulowa usilikali ndi mgwirizano umene umasintha chimene munthu ali, ndipo linaufanizira ndi ukwati. Fanizoli ife sitingavutike nalo. Ankhoswe akamanga banja, mwamuna sangadzuke m'mawa n'kunena kuti poti mkazi sanachite chakuti ndiye kuti iye wabwerera pa umbeta. Banja limatha pokhapokha amene ali ndi mphamvu yolimasula atalimasula.

Khotilo linanenanso kuti chimene chimasandutsa munthu wamba kukhala msilikali ndi kulumbira. Apa tikukumbukira J. L. Austin, amene m'buku lake la mu 1962 anaphunzitsa kuti pali mawu ena amene safotokoza chinthu koma amachichita. Lumbiro ndi mawu otere. N'zochititsa chidwi kuti m'dongosolo limene mawu a pakamwa a wolemba usilikali alibe mphamvu, mawu a pakamwa a wolembedwayo ali ndi mphamvu yosintha moyo wake wonse.

Masiku ano ambiri amalumbira kawiri. Koyamba amalumbira pa tsiku losaina, kenaka amabwerera kunyumba kukadikira tsiku lonyamuka, limene likhoza kutalika mpaka chaka. Amene wasintha maganizo m'nyengo yodikirayi kawirikawiri amamasulidwa popanda chilango. Kachiwiri amalumbira pa tsiku lonyamuka, ndipo kuyambira pamenepo ali pansi pa malamulo a asilikali.

Zaka 4 zimene ndi zaka 8

Achinyamata ambiri amati ndasaina zaka 4. Zoona zake n'zakuti aliyense wolowa koyamba amadzimanga kwa zaka 8, malinga ndi dongosolo limene linayamba mu 1984. Zaka 4 zija ndi zokhala mu yunifolomu tsiku ndi tsiku. Zotsalazo amazithera pa mndandanda wa asilikali osungidwa: amakhala kwawo, amagwira ntchito ina, koma boma likhoza kumuitana. Sikuti ndi zoopseza chabe. Mu 2004, nkhondo ya ku Iraq itakula, Army inaitana anthu oposa 5,000 a pa mndandandawu.

Pali mphamvu inanso yotchedwa stop-loss, imene imalola boma kuletsa msilikali kuchoka ngakhale tsiku lake lomalizira litakwana. Inagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq, mpaka ena ankati ndi kukakamiza usilikali kolowera kuseri. Sajeni Emiliano Santiago wa m'gulu la National Guard la ku Oregon anatumikira zaka zake 8, zimene zinayenera kutha mu June 2004. M'malo momasulidwa anauzidwa kuti gulu lake likupita ku Afghanistan, ndipo pamapepala ake tsiku lomalizira linasunthidwa kufika mu 2031. Anakasuma kukhoti ponena kuti boma laswa mgwirizano. Mu 2005 khoti la apilo linagamula mokomera boma, chifukwa mgwirizano umene iye anasaina unanena kale kuti uli pansi pa malamulo a dziko, ndipo malamulowo amapatsa Pulezidenti mphamvu yoteroyo. Mu 2009 nduna ya zachitetezo, Robert Gates, inalengeza kuti Army isiya pang'onopang'ono kugwiritsa ntchito njirayi, ndipo nyumba ya malamulo inavomereza kuti amene anasungidwa motero alipidwe madola 500 pa mwezi uliwonse umene anapitirira. Lamulo lopereka mphamvuyo silinachotsedwe.