Ku Calómuè munthu amayenda ndi ndalama ziwiri m'thumba

CALÓMUÈ, Angónia — Kusanache bwino, pa msewu wa phula wochokera ku Mussacama pamakhala patayamba kale phokoso. Magalimoto akuluakulu amene agona pa mzere kudikira kuoloka malire amayamba kuliza injini. Amayi amayatsa mbaula, mafuta a tchipisi amayamba kuthetheka, anyamata a njinga zamoto akupukuta mame pa zishalo. Kuno ndi kumapiri. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimaluma zala, ndipo mlendo wochokera ku mzinda wotentha wa Tete amafunafuna jekete la kaunjika tsiku lomwe wafikalo.

Calómuè ndi mudzi wotsiriza wa Mozambique pa njira yopita ku Lilongwe. Kutsidya kwa chipata ndi Dedza. Kukafika ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, ndi makilomita pafupifupi 40. Koma ku tauni ya Dedza munthu amapita pa njinga yakapalasa n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Aliyense wofuna kumvetsa moyo wa anthu a kuno ayambe wayeza mitunda iwiriyi.

Tiyambe ndi m'thumba. Wogulitsa tomato amakuuzani mtengo kawiri, m'metikali ndi m'kwacha, ndipo gogo amene sanapiteko kusukulu amasintha ndalamazi m'mutu mwachangu kuposa kalaliki wa ku banki. Pamene dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chigamulocho chinapangidwa ku Lilongwe, koma chinafika m'nyumba za kuno tsiku lomwelo. Amene anasunga kwacha za nyemba pansi pa mphasa anadzuka atasauka. Amene anali ndi metikali anapeza kuti shuga ndi sopo za ku Dedza zatsika.

Pa matenda nkhani ndi yomweyo. Malungo ndi sikelo ya ana zimathera pa chipatala chaching'ono. Koma mayi akavutika pobereka usiku, banja limawerengera: chipatala chachikulu cha ku Ulónguè, kapena cha boma ku Dedza? Ambiri amasankha chapafupi. Palibe amene angawadzudzule.

Ana amaphunzira m'Chipwitikizi, ngakhale kuti kuyambira 2003 sukulu zina za m'dziko muno zinayamba kuphunzitsanso m'zilankhulo zathu, Chinyanja chili pomwepo. Madzulo mwana yemweyo amamvera wailesi za ku Malawi pamodzi ndi Rádio Moçambique. M'foni ya bambo ake muli makadi awiri, ina ya Movitel kapena Vodacom, ina ya Airtel kapena TNM, chifukwa netiweki siidziwa pamene pali mwala wa malire. M-Pesa ndi e-Mola zachepetsa maulendo a ku banki ku Ulónguè, ndipo pamenepa tiyamikepo.

Izi sizinayambe lero. Malire amenewa anagwirizana ndi Apwitikizi ndi Angelezi mu 1891, atapeza Angoni a Maseko atakhazikika kale mozungulira phiri la Dómuè pakati pa Achewa. Mzerewo unadula mbumba ndi minda. Nkhondo ya zaka 16 itafika pachimake, midzi ya kuno inatsala mabwinja. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a ku Angónia ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anabwerera ndi ana obadwira kutsidya. Mtolankhani wanu ndi mmodzi wa ana amenewo: anaoloka malirewa ali kumsana. Nchifukwa chake kuno maliro a ku Dedza ndi athu, ndipo gule akatuluka kudambwe safunsa pasipoti.

Chimene chimawawa ndi cha kumunda. Angónia amatchedwa nkhokwe ya chigawo cha Tete, ndipo ndi zoona: chimanga, nyemba, soya, fodya, makamaka mbatata ya kachewere. M'Chipwitikizi cha kuno amati batata reno. Abale athu kutsidya amati airishi, dzina lochokera ku Ireland, kumene anthu a kumidzi ankadalira mbatata imeneyi mpaka chiwawu chinaiotcha mu 1845, njala n'kupha anthu pafupifupi miliyoni. Chiwawu chomwecho mlimi wa kuno amachidziwa, ndipo amalimbana nacho ndi mankhwala ogula modula. Akapambana, mbatata imacha nthawi imodzi m'minda yonse. Mlimi wamng'ono alibe posungira. Sukulu ikufuna yunifolomu, ngongole ya feteleza ikudikira. Ndiye wogula wobwera ndi lole ndi amene amatchula mtengo, ndipo thumba limene amabwera nalo limasokereredwa chipewa pamwamba, mpaka anyamata awiri amavutika kulinyamula, koma mtengo wake ndi wa thumba limodzi.

Amene ali m'mbali mwa phula zinthu zimawayenderako. Lowani makilomita ochepa m'kati, nthawi ya dzinja, muone ngolo ya ng'ombe itatitimira m'matope, ndi mtsikana atasenza ndowa kuchokera kudambo chifukwa mjigo unathyoka ndipo komiti ya madzi ikusonkhabe ndalama ya chitsulo. Kumeneko foni amatchajira pa solala, ndipo chigayo cha dizilo chikaima mudzi wonse umabwerera ku mtondo.

Madzulo afika. Madalaivala ochokera ku doko la Beira amene achedwa amaimika magalimoto awo, n'kulowa m'mabaraka kufuna nsima ya nkhuku. Osintha ndalama amawerenga za tsikulo. Panjira zachidule za m'minda, amayi amene anapita kukagulitsa kabichi ku Dedza akubwerera, madengu ali ndi mchere ndi mafuta ophikira.